Udzudzu wa Alamu Awiri

Amuna anga anakwera masitepe a labu awiriawiri, mendulo ikuwamenya pachifuwa, ine m'mbuyo nsapato zili kumanja. Kunyumba tinali tisanafikeko n'komwe. Basi imene inatitenga kumwambo wa mphoto inali itangotitsitsa pageti titayenda usiku wonse, anyamata ndi atsikana a mulabu akuimbabe, pamene fungo linatichingamira: fungo la mankhwala opopera tizilombo, lija limakhala pakhosi tsiku lonse. Nyimbo inathera m'malere.

"Wapopera muno ndani?" amuna anga anakuwa.

Mlonda anatithamangira, nkhope ili ngwee ngati wobweretsa uthenga wabwino.

"A ku ofesi anatuma anthu, bwana. Akuti akuluakulu akubwera kudzakulemekezani sabata yamawa, ndiye asadzaone mphemvu. Apopera nyumba yonse, chipinda ndi chipinda."

"Ndi chapamwamba chomwe?"

"Makamaka chimenecho, bwana. Akuti munali udzudzu wambiri zedi."

Chipinda chapamwambacho ndinkachidziwa ndi makutu. Masiku onse ukatsegula chitseko unkamva kulira kwa udzudzu, kochepa koma kosalekeza, kochokera m'makola a neti amene anandandalika m'mashelefu mpaka kudenga. Tsiku limenelo munali zii. Pansi pa khola lililonse panali tinthu takuda mbwee, ngati masamba a tiyi otayika patebulo. Amuna anga anagwedeza khola loyamba, lachiwiri, lachitatu. Palibe chinauluka. Kenako anakhala pansi, pasimenti, ndi suti yawo yatsopano.

Ndifotokoze, chifukwa munthu wabwinobwino akamva kuti udzudzu wafa amathokoza Mulungu. Uwu sunali udzudzu wamba. Amuna anga ndi achimwene anga, onse awiri asayansi, madokotala a m'mabuku osati a jakisoni, anautola ali anyamata padambo lina kunja kwa tauni. Anapeza kuti tizilombo ta malungo tikalowa m'mimba mwake timafa, sitikula, moti ngakhale ukulume sungakusiyire matenda. Chifukwa chake anali asanachimvetse, ndipo ndi chimene ankachifufuza zaka zonsezo. Dambo lija analikwirira kalekale, pano pali malo omwetsera mafuta galimoto. Mtundu wonse wa udzudzu umenewo unatsala m'makola basi.

Mazira ake sasungika m'botolo ngati mbewu. Akauma afa. Ndiye uyenera kuuweta mosalekeza, mazira aswe mphutsi, mphutsi zisanduke udzudzu, udzudzu uikire mazira, chaka ndi chaka. Oweta onse ali ndi lamulo limodzi losalembedwa: osausunga pamalo amodzi. Theka linkakhala kwa amuna anga, theka kwa achimwene, amene ankagwira ntchito kusukulu ina ya ukachenjede kutsidya kwa tauni. Mwezi uliwonse ankasinthana mazira, pakapepala konyowa m'kachitini, kuti tsoka likagwa kuno, uko kukhale potola.

Ine ndine telala. Neti za makola onse aja ndinasoka ndine, iliyonse ndi mkono wake wansalu wopisapo dzanja. Shopu yanga ili pakati pa tauni, choncho tizitini ta mazira tinkasiyidwa kwa ine, wina abweretse m'mawa, wina adzatenge masana. Achimwene ankati ndine positi ofesi ya udzudzu. Mnzawo uja, amene lero ndi amuna anga, ankachedwa dala akabwera kudzatenga kachitini, mpaka tsiku lina anatenga ndi telala yemwe.

Kenako kunabwera nkhani ya mphoto. Inali yaikulu, yochokera kubungwe lina la asayansi, koma inali ndi lamulo lakuti ntchito iliyonse ikhale ndi dzina limodzi lokha. Labu ya amuna anga ndi imene inali yaikulu, ndiye panalembedwa dzina lawo. Achimwene sanadandaule. Oweruza atati abwera kudzaona ntchito ndi maso, amuna anga anapempha kuti makola onse akhale pamodzi, chipinda chioneke chodzaza. "Masiku ochepa okha, alamu," anatero patebulo pathu pomwe. Achimwene anawanyamula okha makolawo, atawafunditsa matawulo onyowa.

Oweruza anabwera, napita. Makola sanabwerere. Poyamba kunali kudikira zotsatira. Kenako kunali atolankhani. Kenako amuna anga anayamba kunena kuti kutsidya kuli anthu amaso, angabe ntchito isanasindikizidwe yonse. Kachitini kanasiya kufika pashopu panga. Ndinaona, koma nthawi imeneyo mutu wanga unali pa nsalu ya diresi.

Kumwambo tinapita labu yonse, chifukwa amuna anga anafuna kuti aliyense aoneke pachithunzi. Chinali chachilendo. Chipinda cha udzudzu sichisiyidwa chokha, ngakhale patchuthi pamatsala munthu. Akanatsala mmodzi yekha akanawabweza opopera aja pakhomo. Achimwene sanaitanidwe, akuti mipando inali yowerengeka. Polankhula, amuna anga anathokoza bungwe, akuluakulu a sukulu, ophunzira awo, ine mkazi wawo, mpaka udzudzu womwe, anthu n'kuseka. Ndinadikira dzina limodzi. Silinamveke. Anthu ataimirira kuomba m'manja nanenso ndinaimirira, ndipo ndinaomba mpaka zikhato kutentha.

Tsopano munthu wa mendulo uja anali pasimenti, akuyang'ana nsapato zake.

"Amayi," anatero mawu ali pansi, "pitani kwa alamu."

"Kukatani?"

"Akhoza kukhala kuti anabisako pang'ono. Woweta aliyense amabisako. Ndikanakhala ine ndikanabisa."

"Miyendo muli nayo. Pakamwa paja mumayankhulira pagulu dzulo mulinso napo."

"Ndikawayang'ana bwanji kumaso? Inu ndi magazi awo, sangakubwezeni."

Ndinafuna kuwauza mawu ena amene sindingalembe pano. Koma ophunzira anali ataunjikana pakhomo, ena akulira, ndipo mwamuna wako sumuvula pamaso pa ana. Ndinavala nsapato zanga.

Ndinakwera minibasi ndi diresi ya kumwambo, yagolide, yonyezimira ngati pepala la switi, masana a tsiku lantchito. Mayi wina anandifunsa ngati ukwati watha msanga. Njira yonse ndinkapemphera pemphero limene sindinaganizepo kuti ndingapemphere: Ambuye, mlongo wanga akhale kuti ndi wachinyengo.

Ndinawapeza pakhonde la m'kati, pakadesiki kofinyikira pakona, akuchonga mayeso a ophunzira. Atandiona anachotsa magalasi.

"Eee, afika Mayi Mphoto! Ndinakuona pakanema dzulo. Diresi yakukhala, mlongo wanga, ngakhale ikupweteka maso."

"Mwaswera bwanji, achimwene?"

"Taswera. Khala apa, mpando uwu wokha ndiye wamiyendo inayi."

Ndinayandikira. Iwo anafwenkha mphuno, ndipo nthawi yomweyo anaimirira n'kutchinga chitseko chimene chinali kumbuyo kwawo, dzanja lili m'mwamba.

"Ima pomwepo! Ukununkha mankhwala opopera, usayandikire chipinda cha..."

Sanamalize. Dzanja linatsika lokha pang'onopang'ono. Anatembenuka, nakankha chitsekocho kuti ndione. M'chipinda chawo cha udzudzu, mmene ndinkabwera kudzayeza makola ndi tepi, munali mipando yothyoka yosanjikizana mpaka kudenga. Mashelefu anali atazulidwa.

"Anandilanda," anatero. "Akuti chipinda chopanda udzudzu n'chachiyani. Sanalakwe." Anandiyang'ananso, kuyambira diresi mpaka nkhope. "Fungo limeneli walitenga kuti?"

Ndinawauza zonse, maso ali pansi. Za a ku ofesi, za mphemvu, za basi imene inanyamula labu yonse. Sanandidule. Nditamaliza anayamba kupukuta magalasi amene anali oyera kale.

"Wonse?"

"Wonse, achimwene."

"Ndiye akutuma kuti udzandiuze maliro?"

Mawu anga anatuluka ngati a mwana wogwidwa ndi shuga m'manja.

"Akuti ndifunse ngati munasungako pang'ono."

"Kusungako bwanji?"

"Mwina kunyumba. Mwina khola limodzi."

"Ukutanthauza kubisa." Anaseka, koma kuseka kwake sindikufuna kudzakumvanso. "Alamu anati onse. Ndinafunsa kawiri, anati onse, oweruza akawerenga makola. Ndinapereka onse, mpaka mabeseni a mphutsi. Iwe, tinakulira nyumba imodzi. Unandionapo ndikupereka chinthu dzanja lina lili kumbuyo?"

Manyazi anandigwira kuyambira kuphazi. Ndikanakonda akanandikalipira, akananditulutsa, akanafunsa za mpando wa kumwambo kapena za dzina lija silinatchulidwe. Sanafunse chilichonse. Anasonkhanitsa mapepala a mayeso, nawatsekera m'dirowa, natenga jekete.

"Tiye. Koma udzere kunyumba ukasambe, usinthe zovalazo. Usadzandiyandikire ndi fungo limenelo."

Pamene ndinkafika kulabu, nditavala diresi yanga ya masiku onse, ndinapeza alamu awiri ataima pakati pa makola, mazenera onse ali pululu. Mendulo inali itachoka pachifuwa, koma kansalu kake kankasuzumira m'thumba la jekete. Ophunzira anandiuza kuti achimwene polowa anangoti, "Alamu, takunyadirani," amuna anga n'kuyankha, "Zikomo, alamu," basi. Kuchokera apo ankayankhulana za ntchito zokhazokha.

Anayang'ana beseni lililonse la mphutsi ndi tochi. Zonse zinali zitayandama, zoyera, zowongoka. Atafika kumapeto kwa shelefu achimwene anafunsa ngati kabati yofunditsira ikugwirabe ntchito. Ndi kabati yokhala ngati firiji, ya chitseko cha labala, imene amaikamo mphutsi zochedwa kukula kuti zimve kutentha. Amuna anga anadzimenya pamphumi. Ndi mantha aja sanaikumbukire.

Munali beseni limodzi. Achimwene anagogoda m'mbali mwake ndi chala, ndipo tinthu tingapo tinathawira pansi pa madzi, tikudzipinda. Wophunzira wina anakuwa. Ine misozi inangotsika, kulirira mphutsi, mayi wa ana atatu.

"Zisagone muno," anatero achimwene. "Makoma onsewa ndi poizoni. Ndipita nazo kwathu, ndili ndi chipinda cha mwana wanga amene ali kusukulu."

Amuna anga anayang'ana ophunzira, nayang'ana chitseko.

"Alamu, zikatuluka pageti anthu afunsa. Akuluakulu akubwera kudzatsegula chikwangwani chokumbukira mphotoyi. Akamva kuti udzudzu wa mphoto wafa mphoto isanafike n'kunyumba komwe, tonse tatha."

"Akamva? Ndiye simuwauza?"

"Tidzawauza ukachulukanso."

Ndinadikira kuti achimwene apse mtima. Anangoyang'ana beseni lija, ngati munthu woyang'ana mwana wodwala amene makolo ake akukangana. Kenako anafunsa ngati m'nyumba monsemo muli chipinda chimene opopera sanalowemo. Chinalipo chimodzi, kachipinda kosungiramo makatoni kutsidya kwa khonde, chifukwa kiyi wake anali m'thumba la amuna anga kumwambo. Analowetsa beseni mmenemo, natseka mipata ya chitseko ndi matawulo onyowa.

Masiku otsatirawo makina anga sanapume. Ndinasoka neti zatsopano za makola onse, chifukwa zakale zinali zitamwa mankhwala. Ndinasokanso katani kakang'ono kofiira kophimbira chikwangwani chamkuwa chimene anakhoma pakhonde, pafupi ndi chitseko cha kachipinda kaja. Sindinafunse kuti m'makola atsopanowo mulowa chiyani. Ndinadzaona ndekha: ophunzira a sayansi, ena a digiri yachiwiri, akutunga mphutsi m'ngalande ya kuseri kwa nyumba. Makoma anatsukidwa, makola anadzaza, chipinda chapamwamba chinayambanso kulira. Unali udzudzu wa m'ngalande, womwe uja timaupha ndi silipasi.

Achimwene ankabwera tsiku lililonse akaweruka, kulowa m'kachipinda ka makatoni osapereka moni kwa aliyense. Mphutsi zina zinafa. Zimene zinasanduka udzudzu ukanaziwerenga ndi zala za dzanja limodzi, ndipo waukazi unali umodzi wokha. Mtundu wonse, ntchito yonse ya unyamata wa anthu awiri, inali m'mimba mwa kanthu kochepa kuposa ulusi wotsalira pa singano.

Tsiku la chikwangwani ndinavalanso diresi yagolide, popeza amuna anga anati akuluakulu anaikonda. Alendo anafika ndi magalimoto aatali. Anawakweza kuchipinda chapamwamba, ine ndili pambali pa amuna anga, ndikumwetulira mpaka masaya kuwawa. Mkulu wa alendowo, bambo wonenepa wa mawu okoma, anawerama pa khola limodzi, nayang'anitsitsa.

"Ukuonekadi wosiyana ndi wamba," anatero. "Taonani miyendo yake."

Onse anavomera kuti miyendo yake ndi yosiyana.

"Ndiye mukuti ukandiluma sindingadwale?" Asanayankhidwe anakwinya malaya, napisa dzanja mu mkono wa neti umene ndinasoka ndekha. "Ajambuleni apa, anthu aone kuti sayansi yathu timaikhulupirira."

Amuna anga analumpha ngati aponda moto. Anagwira dzanja la mkuluyo, nalikoka.

"Ayi, bwana! Malamulo salola, bwana."

"Mukuopa chiyani, Dokotala? Si mwati ulibe matenda?"

"Ulibe, bwana. Ndi malamulo chabe."

Anthu anaseka, mkuluyo anawasisita paphewa n'kuwayamikira kuti ndi munthu wosamala. Thukuta linali likutsika m'khosi mwa amuna anga. Ine sindinathenso kuima pamenepo. Ndinazemba, n'kudutsa khonde, n'kugogoda pang'ono pa kachipinda ka makatoni.

"Lowa msanga, utseke," ananong'ona achimwene.

Munali mdima ndi chinyezi. Anali atakhala pa katoni, patsogolo pawo pali kakhola kamodzi kofunditsidwa nsalu yakuda. Anandiuza monong'ona kuti waukazi uja wakana kudya. Udzudzu wa mulabu amaupatsa magazi ofunditsa m'kabotolo kokutidwa ndi kachikopa kopyapyala, koma uwu unali wofooka, sunkayandikira n'komwe. Popanda magazi sungaikire mazira, ndipo malinga ndi mmene ankauonera, sukanafika mawa.

"Kwatsala njira yakale," anatero, akukwinya malaya mpaka paphewa. "Sindinasambe ndi sopo chiyambire dzana. Bwera, ugwire nsaluyi mozungulira mkono wanga, pasakhale mpata. Usagwedezeke, usayankhule."

Ndinagwada pasimenti ndi diresi yanga yagolide, n'kugwira. Mkono wawo unali wofunda, waubweya woyamba kuyera. Ndi mkono umene unkandinyamula powoloka msewu popita kusukulu. Anatsegula kampata pansalu yakuda kuti tizionera. Waukazi uja unali pakona ya neti, miyendo yakumbuyo ili m'mwamba. Tinadikira. Kunja mapazi a alendo anayamba kusonkhana pakhonde, wina akuyesa chimkuzamawu.

Chitseko chinatseguka pang'ono, amuna anga n'kulowa cham'mbali. Fungo la perefyumu linadzaza kachipinda konse.

"Wadya?"

"Imani kutali, alamu," anatero achimwene osatembenuka. "Mukununkhira kwambiri."

Amuna anga anabwerera mpaka msana kugunda chitseko. Anaima pamenepo akuyang'ana mkono wa mlamu wawo m'kakhola. Ndinaona dzanja lawo likupita pa batani la malaya, ngati nawonso akufuna kukwinya, kenako n'kutsika.

Nthawi yomweyo waukazi uja unauluka. Unazungulira kamodzi, n'kutera pakati pa dzanja ndi chigongono. Unayenda pang'ono, ukufufuza. Kenako unaweramitsa mutu. Achimwene anatseka maso. Ndinaona kamimba kake kakuyamba kufiira, pang'onopang'ono, kuyambira kutsogolo.

Kunja chimkuzamawu chinatchula dzina la amuna anga, ndi maudindo awo onse, akale ndi atsopano. Anthu anayamba kuomba m'manja. Chinatchulanso kachiwiri.

"Alamu..." anatero amuna anga.

"Pitani. Akukuitanani."

Anapita. Sipanapite nthawi, ndinamva mawu a mkulu uja. "Nanga mayi ali kuti? Chithunzi sichingakome popanda mayi wa diresi yagolide. Afuneni mayi!" Mapazi anayamba kuyendayenda, wina akutsegula zitseko za m'khondemo chimodzichimodzi.

"Pita, asalowe muno," ananong'ona achimwene. "Ndigwira ndekha."

Ndimadziuza kuti ndinatuluka pofuna kuti asalowe. Mwina n'zoona. Koma ndikukumbukiranso kuti ndisanatsegule chitseko ndinasasa fumbi m'mawondo, n'kukonza tsitsi. Ndinasiya nsalu ija, iwo n'kuigwira ndi dzanja lamanzere, ndipo kakhola kanagwedezeka pang'ono. Potuluka, thawulo la pansi linakola chitseko, sichinatsekeke. Ndinalibe mpata wowerama, manja anali atandikoka kale kundiimika pakati. Katani kanga kofiira kanatseguka bwinobwino, osakola paliponse. Anthu anakuwa, makamera anang'anima ngati mphezi, kuwala kukulowa paliponse.

Alendo atapita ndinabwerera m'kachipinda. Achimwene anali akutsitsa malaya. Pamkono panali kachiphuphu kamodzi kakang'ono.

"Unamwa theka," anatero. "Unadzidzimuka."

Unaikira mazira ochepa pakapepala konyowa, n'kufa. Achimwene anawayang'anira mazirawo mpaka tsiku limene ngakhale iwo anavomera kuti saswa. Ndinawafunsa ngati chinali chitseko chija. Anayankha monga wasayansi, kuti mwina ndi kuwala, mwina mankhwala anali atalowa kale m'madzi, mwina aamuna aja anali ofooka, ndipo popanda udzudzu wina woyesera palibe angadziwe. Ndikanakonda akanangoti inde.

Amuna anga amaitanidwabe kumisonkhano kukafotokoza za udzudzu umene sufalitsa malungo. Asayansi a kutali akapempha mazira kuti nawonso afufuze, amawayankha kuti zilolezo zikuchedwa. Achimwene amaphunzitsa ndi kuchonga mayeso. Akakumana pa zochitika za pabanja amapatsana moni bwinobwino, alamu, alamu, ngati anthu okumana pamzere wa kubanki. Kunyumba kwathu sanapondekonso.

Chithunzi cha tsiku lija a ku ofesi anatipatsa chachikulu, cha felemu yagolide, ndipo chili pakabati m'chipinda chochezera. Tonse tikumwetulira. Mkulu uja wagwira chingwe cha katani, amuna anga avala mendulo, ine ndikunyezimira pakati. Kumbuyo kwa phewa langa, chakumanzere, kuli chitseko chotseguka pang'ono, ndipo mumpatamo mukuoneka chigongono cha munthu, chopanda malaya. Kukamveka kugogoda kwa alendo ndimayamba ndathamangira kukabati, n'kukankhira botolo la maluwa kumanzere.